Nimu, Mlendo Wodza ndi Kalumo Kakuthwa

Mawu okambidwa pamwambo wokumbukira chikhalidwe ku Mua, m'boma la Dedza

 

Pamwambo ngati uno anthu amayembekeza kumva za kachere, mtengo umene makolo ankaweruzira milandu patsinde pake, kapena za mlambe umene waona mibadwo yambiri ikubadwa ndi kupita. Koma mawu a lero akunena za mtengo umene makolo akale sanaudziwe, mtengo umene ngakhale dzina lake ndi lobwereka: nimu. Munthu woyenda kuchokera ku Golomoti, kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, amauona pakhomo, pasukulu, pamsika ndi pabwalo la tchalitchi kapena mzikiti. M'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo mitengo yambiri yayoyola masamba, nimu amakhala ali wobiriwira, ndipo pansi pake ndi pamene amayi amatongolera chimanga, abambo amalukira mphasa, ana amasewerera.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umaphunzitsa kuti wobwera asanyozedwe, pakuti akhoza kudza ndi nzeru yothetsa vuto limene eni mudzi lawasowetsa tulo. Komabe aliyense amene anagwirapo lumo amadziwa kuti lumo lometa bwino ndi lomwelonso limacheka chala cha munthu wosasamala. Nimu ndi mlendo wotere. Wadza ndi thandizo lenileni, ndipo thandizolo limafuna dzanja lodziwa kagwiridwe kake.

Kwawo kwa mlendoyu

Kwawo kwa nimu ndi ku India ndi maiko oyandikana nalo monga Myanmar. Kumeneko anthu akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka zoposa 2,000, ndipo amatchulidwa m'mabuku akale a mankhwala a makolo awo otchedwa Ayurveda. Akatswiri a zomera amamutcha Azadirachta indica, dzina lochokera ku chiyankhulo cha ku Persia lotanthauza mtengo waufulu wa ku India. Mu Africa anafika ndi amwenye amene anaoloka nyanja yamchere m'zaka za m'ma 1800, ndipo pambuyo pake akuluakulu oona za nkhalango m'maboma a atsamunda anamufalitsa m'maiko monga Ghana, Nigeria ndi Sudan. Anthu oyankhula Chiswahili anamupatsa dzina loti mwarobaini, kuchokera ku mawu awo otanthauza 40, poti amati amachiza matenda 40.

M'Malawi muno nimu wakhazikika kwambiri kumadera otentha: m'chigwa cha Shire ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndiponso m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ku Salima ndi ku Karonga. Boma la Dedza limaonetsa chifukwa chake momveka bwino. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene Juni ndi Julayi amadza ndi chisanu choluma, ndipo nimu sakondwa ndi kuzizira kotero. Koma munthu akatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufika ku Golomoti, amakhala walowa m'dziko lina, lotsetserekera kunyanja imene ili pa mamita osafika 500. Kuno kutentha n'kwakukulu ndipo chilimwe n'chachitali. Nimu ali ndi muzu waukulu wolunjika pansi umene umatsata chinyezi kutali, motero amapirira ng'amba ndi nthaka yoguga kapena yamiyala. Chimene sapirira ndi madzi odikha. Padambo pomwe madzi amakhalitsa, mizu yake imaola.

Kulandira mlendo si chinthu chachilendo m'dera lino. Nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare, pano pa Kungoni, imafotokoza mbiri ya mitundu itatu, ndipo yonse inachita kubwera: Achewa kuchokera ku Uluba, Angoni kuchokera kummwera kutsidya la Zambezi, Ayao kuchokera kuvuma kwa nyanja. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, ndipo bambo Claude Boucher Chisale, amene anayambitsa Kungoni mu 1976, anachokera ku Canada. Zakudya nazo n'chimodzimodzi. Chimanga, chinangwa ndi mtedza zinachokera ku America, mango anachokera ku India komwe kuja kwa nimu, koma lero palibe amene angati nsima si chikhalidwe cha Amalawi. Chikhalidwe ndi zimene makolo anasiya, pamodzi ndi zimene ana awo analandira, kuziyesa, n'kuzipeza zoyenera kusunga.

Abale ake ndi womufanana

Ngakhale ndi mlendo, nimu anapeza abale kuno. Akatswiri amamuika m'banja limodzi ndi mbawa, mtengo wa matabwa ofiirira umene amisiri a mipando amaulemekeza. N'chifukwa chake thabwa la nimu wokhwima limakhala lolimba, lofiirira mkati, ndipo chiswe sichilikonda.

M'banja lomwelo muli mtengo wina wobwera umene ambiri amautcha indiya, ndipo pamenepa ndi pofunika maso akuthwa. Anthu ena amasokoneza mitengo iwiriyi, chonsecho zipatso za indiya zili ndi poizoni woopsa kwa ana, nkhumba ndi ziweto zina. Kusiyana kwake n'kotere. Maluwa a nimu ndi oyera, ang'onoang'ono, onunkhira ngati uchi. A indiya ndi ofiirira motuwira. Tsamba la nimu ndi phesi limodzi lokhala ndi timasamba tosongoka, tokhota pang'ono ngati chikwakwa, tamanomano m'mbali. Tsamba la indiya limagawikanso kawiri, kukhala ndi tinthambi take. Chipatso cha nimu ndi chotalikirapo, chimasanduka chachikasu chikapsa n'kugwa pansi; cha indiya ndi chobulungira ndipo chimakhalitsa mumtengo ngakhale masamba atayoyoka. Safunsa anadya phula: wosadziwa kusiyanitsa afunse alangizi a zankhalango asanathyole kanthu.

Mlonda wa munda ndi nkhokwe

Ntchito ya nimu imene ili ndi umboni wochuluka koposa ndi yoteteza mbewu ku tizilombo. Alimi a ku India anaidziwa kalekale, koma asayansi a ku Ulaya anatsegula maso mu 1959. M'chaka chimenecho katswiri wa tizilombo wa ku Germany, Heinrich Schmutterer, ali ku Sudan, anaona dzombe likugwa n'kumaliza chobiriwira chilichonse, koma mitengo ya nimu inatsala ndi masamba ake. Dzombelo linkatera pamtengowo, koma silinkadya. Mu 1968 asayansi a pa yunivesite ya Keele ku England anapatula m'njere za nimu chinthu chimene chimachititsa zimenezi, n'kuchitcha azadirachtin.

Kagwiridwe ntchito kake n'kosiyana ndi ka mankhwala ogula kusitolo amene amapha kachilombo nthawi yomweyo. Choyamba, kachilombo kakalawa tsamba lopoperedwa kamataya chilakolako cha kudya. Chachiwiri, mbozi imene yadya pang'ono imalephera kufundula, ndipo mbozi yosafundula singakule n'kusanduka gulugufe woikira mazira. Chachitatu, tizilombo totsalato timaikira mazira ochepa. Motero mlimi amene wapopera madzulo asayembekeze kuona mbozi zili lambilambi m'mawa mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zotsatira zimaoneka pakapita masiku angapo.

Mphamvu yambiri ili m'njere, kuposa m'masamba. Njira yodziwika ndi iyi: zipatso zakupsa zimatoledwa, kutsukidwa kuti mnofu uchoke, n'kuyanikidwa pamthunzi mpaka ziume bwino, pakuti njere zosungidwa ndi chinyezi zimachita nkhungu. Theka la kilogalamu la njere zosinja limanyikidwa m'malita 10 a madzi usiku wonse. M'mawa madziwo amasefedwa ndi nsalu, n'kuthiramo sopo pang'ono kuti amatirire pamasamba. Kupopera kuchitike madzulo, chifukwa dzuwa limapha mphamvu ya mankhwalawa m'masiku ochepa, komanso nthawi imeneyo njuchi zimakhala zabwerera kumng'oma. Pakatha sabata, mlimi abwerezenso. Mtondo wosinjira nimu ukhale wapadera, pakuti kuwawa kwake sikuchoka msanga, ndipo zotsala zisatayidwe mumtsinje chifukwa nsomba sizigwirizana nazo. Kwa alimi a madimba a m'mbali mwa Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi, amene amalimbana ndi nsabwe ndi mbozi pa mpiru, kabichi ndi matimati, awa ndi mankhwala osalira ndalama.

Phindu la nzeru zotere linaonekera poyera pamene mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017. Pofika Disembala 2017, boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozizi. Alimi ambiri amene analibe ndalama zogulira mankhwala anatembenukira ku phulusa, dothi, ombwe ndi nimu, kuthira m'kamwa mwa chimanga momwe mbozi imabisala. Njirazi zimathandiza kwambiri mbozi zikadali zazing'ono, n'chifukwa chake kuyendera munda kawirikawiri kumaposa kuchuluka kwa mankhwala.

Pankhokwe napo nimu ali ndi malo ake. Masamba oyanikidwa pamthunzi, osinjidwa kapena oyalidwa mosanjikiza m'thumba, amachepetsa kufumbwa kwa nyemba, khobwe ndi nandolo, ndipo mafuta ochepa a njere opakidwa pambewu yosungira kudzala amaiteteza miyezi ingapo. Koma malire ake anenedwe poyera. Nankafumbwe wamkulu, amene analowa m'Malawi kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo masamba a nimu paokha sangamuletse. Chimanga chiume bwino, chitongoledwe, ndipo chisungidwe m'matumba osalowa mpweya kapena motsatira malangizo a alangizi a zaulimi. Banja limene lingadalire masamba okha likhoza kutsegula thumba mu Januwale n'kupeza ufa wa anankafumbwe.

Ngakhale zotsalira pofinya mafuta sizitayidwa. Zikathiridwa m'munda zimasanduka manyowa, zimachepetsa tizilombo ta m'nthaka towononga mizu, ndipo zimachedwetsa kuuluka kwa chakudya cha mbewu chimene chili mu feteleza wa yuriya. Dziko la India linaona phindu limeneli kotero kuti kuyambira mu 2015 linalamula kuti yuriya yense wopangidwa m'dzikomo azikutidwa ndi mafuta a nimu.

Mbali yakuthwa ya lumo

Kutchuka kwakukulu kwa nimu m'midzi ndi kwa mankhwala a anthu, ndipo apa ndi pamene lumo limacheka. Zina mwa ntchito zake n'zosakayikitsa. Kanthambi kanthete kotafunidwa kumapeto kamakhala mswachi wabwino, ndipo anthu miyandamiyanda ku India amatsukira mano njira imeneyi. Mafuta ake amapangira sopo. Madzi owiritsa masamba amagwiritsidwa ntchito posamba ndi anthu ovutika ndi zotupatupa za pakhungu, mphere kapena nsabwe za m'mutu. Masamba ouma oikidwa m'sutikesi amateteza zovala ndi mabuku ku njenjete.

Koma kupaka ndi kumwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali chikhulupiriro chakuti mankhwala owawa kwambiri ndiwo amphamvu kwambiri, ndipo popeza nimu amawawa koposa, ena amamuyesa wochiza chilichonse. M'Chichewa mawu oti malungo amanena kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, komanso nthenda yeniyeni yofalitsidwa ndi udzudzu, imene ndi yofala m'dera lotentha ngati lino. Madzi a nimu akhoza kuziziritsa thupi kwa kanthawi, banja n'kumati mwana wachira, pamene tizilombo tikuswana m'magazi. Palibe umboni wa chipatala wosonyeza kuti nimu amachiza malungo a udzudzu mwa munthu. Mwana wotentha thupi apite naye kuchipatala cha Mua, kuchipatala china chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, akayezedwe magazi. Mankhwala a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amagwira bwino ntchito wodwala akafika msanga. Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma, mu Epulo 2019. Si nzeru kusiya zonsezi n'kudalira mphika wa masamba.

Pali machenjezo ena atatu oyenera kufika pakhomo lililonse. Loyamba, mafuta a nimu asamwetsedwe mwana ngakhale dontho. Madokotala a ku Malaysia ndi ku India analemba za ana aang'ono amene anasanza, kukomoka, ena mpaka kumwalira, atamwetsedwa mafutawa. Lachiwiri, mayi woyembekezera, woyamwitsa, kapena banja limene likufuna mphatso ya mwana, apewe kumwa nimu, pakuti kafukufuku wasonyeza kuti amasokoneza kubereka. Lachitatu, munthu amene ali pamankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a chifuwa chachikulu kapena ma ARV asawasiye chifukwa cha nimu, ndipo asaphatikize popanda kufunsa dokotala. Nimu amatsitsa shuga m'magazi, ndipo akakumana ndi mankhwala a kuchipatala shugayo akhoza kutsika mopitirira. Asing'anga enieni a makolo ankadziwa kuti mtengo uliwonse uli ndi muyezo wake, nthawi yake ndi munthu wosayenera kuumwa. Kumwa mankhwala mopanda muyezo si mwambo wa makolo. Ndi kuphwanya mwambowo.

Wosenza katundu wa eni mudzi

Mua amadziwika m'dziko muno ndi kunja chifukwa cha luso losema. Ziboliboli, zitseko ndi maguwa osemedwa ndi amisiri ophunzira pa Kungoni zili m'matchalitchi a m'Malawi ndi a kutsidya la nyanja. Gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a padziko lonse, amadalira ng'oma, ndipo ng'oma ndi mtengo. Mtondo, munsi, bwato, mpini ndi chipande, zonsezi ndi mitengo. Nkhalango ikatha, chikhalidwe chimatsala m'zithunzi zokha.

Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa misewu akuchitira umboni za kumene mitengo ikupita. Nkhalango ya Mua-Livulezi, imene imasunga magwero a mitsinje yotsikira kuno, ikumva kulemera kwa nkhwangwa. Mapiri akakhala ambee, mvula imatsika mwaukali, kukokolola minda ndi kukwirira madimba ndi mchenga, ndipo pofika chilimwe mitsinje yomweyo imaphwa msanga. Mlombwa, muwanga, phingo ndi tsanya zimatenga zaka makumimakumi kuti zikhwime. Wodula lero amadula za zidzukulu.

Apa ndi pamene mlendo angathandize eni mudzi koposa. Nimu amakula msanga, ndipo akadulidwa safa: chitsa chake chimaphukira, n'kupereka nsichi, mapaso ndi nkhuni mobwerezabwereza. Banja lokhala ndi mitengo ingapo m'malire mwa munda kapena kuseri kwa nyumba limachepetsa maulendo a kuphiri. Mtolo uliwonse wa nkhuni za nimu ndi nthambi ya mlombwa imene yapulumuka. Mizere ya nimu imatchinganso mphepo ya mwera kuti isasasule madenga. Ku Niger, m'chigwa cha Majjia, alimi anayamba kudzala mizere yotere mu 1975, ndipo minda ya mapira yotetezedwa ku mphepo inayamba kubereka bwino kuposa kale.

Kudzala kwake n'kosavuta, koma kuli ndi chinsinsi chimodzi: njere ya nimu sikhalitsa. Ikasungidwa miyezi yambiri imafa, motero ifesedwe pasanathe masabata ochepa chitoledwere. Mbande ikakula kunazale kwa miyezi itatu kapena kuposerapo, iwokeredwe mvula itakhazikika, m'nyengo yodzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Itetezedwe ku mbuzi ndi moto wolusa zaka ziwiri zoyamba, ndipo idzalidwe motalikirana ndi khoma la nyumba kapena chitsime chifukwa mizu yake imayenda. Pakatha zaka zitatu mpaka zisanu mtengowo umayamba kubereka.

Komabe mlendo sapatsidwa mpando wa mfumu. Mbalame ndi mileme zimadya zipatso za nimu n'kumwaza njere paliponse, ndipo kumene sayang'aniridwa amamera mothinana n'kutsamwitsa mitengo yachilengedwe. Kumpoto kwa Australia boma linafika pomuika m'gulu la zomera zosafunika chifukwa cha vuto limeneli. Choncho malo a nimu ndi pakhomo, pasukulu, pamsika ndi m'malire mwa munda. M'nkhalango za kumanda, zimene mwambo wazisunga mpaka lero ngati nkhokwe za mitengo ya makolo, ndiponso m'magombe a mitsinje, muyenera kubwezeretsedwa mbawa, mkuyu, katope, msangu, bwemba ndi mvunguti. Mbande za nimu zomera zokha m'malo otero zizulidwe zikadali zazing'ono, pakuti kuwongola mtengo m'poyamba.

Nzeru yolembedwa sibedwa

Mbiri ya nimu ili ndi phunziro lina lokhudza bungwe lililonse losunga chikhalidwe. Mu 1994 ofesi ya European Patent Office, ya mumzinda wa Munich, inapereka chiphaso cha umwini kwa kampani ya ku America ya W. R. Grace pamodzi ndi unduna wa zaulimi wa dzikolo, pa njira yotetezera mbewu ku matenda a nkhungu pogwiritsa ntchito mafuta a nimu. Anthu a ku India anadandaula kuti nzeru imeneyi si yatsopano, ndi ya makolo awo. Amayi atatu, Vandana Shiva wa ku India, Magda Aelvoet wa ku Belgium ndi Linda Bullard, anatsogolera dandaulolo. Umboni utaperekedwa wakuti njirayi inkagwiritsidwa ntchito kale ku India, chiphasocho chinafafanizidwa mu 2000, ndipo apilo inakanidwa mu 2005. Mlanduwu unatenga zaka 10, ndipo chimene chinaupambanitsa ndi umboni wogwirika, osati mfuu chabe.

M'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka muli agogo odziwa dzina la mtengo uliwonse, mtengo woyenera ng'oma, woyenera bwato, wochiza chilonda ndi woopsa kuugwira. Nzeru imeneyi ili m'mitu, ndipo maliro alionse a munthu wamkulu amapita nayo ina. Monga momwe nyumba ya Chamare inasungira mbiri ya zilombo za gule wamkulu ndi miyambo ya Angoni ndi Ayao, mitengo nayo ikufunika olemba ake. Ophunzira a m'sukulu za m'dera lino akhale pansi ndi agogo awo, alembe maina, ntchito, miyezo ndi machenjezo, eni nzeruzo atavomereza ndipo maina awo atalembedwa pambali pake.

Pempho kwa onse

Pempho la mwambo uno ndi lapafupi. Mafumu apereke malo a nazale m'midzi yawo ndi kulimbitsa malamulo oteteza nkhalango za kumanda ndi magombe a mitsinje. Banja lililonse lidzale nimu pakhomo kuti lipeze mthunzi, nkhuni ndi mankhwala a m'munda, ndipo pa nimu aliyense wodzalidwa padzalidwenso mtengo umodzi wa makolo. Amayi ndi abambo akumbukire kuti mwana wotentha thupi malo ake ndi kuchipatala. Achinyamata atenge cholembera apite kwa agogo dzuwa lisanalowe.

Mlendo walandiridwa, wapatsidwa malo, ndipo wagwira ntchito. Chotsala n'chakuti eni mudzi adziwe pomugwiritsa ntchito ndi pomuletsa, kuti ana amene akuvina pabwalo lino lero adzapeze ng'oma yoti aimbe, nkhokwe yodzaza ndi mthunzi wokhalapo.